Thobwa la Lachiwiri

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa pafupifupi chaka, ngakhale kubisa kwake n'kopanda pake chifukwa kuno ku Matema ndi mbuzi zomwe zikuidziwa. Ndaganiza zoilemba ndekha poti omwe amaifotokoza kumsika amawonjezera zawo. Ena akuti ndinaledzeretsa mpingo wonse. Si zoona. Ana sanamwe, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse.

Ine kwathu ndi ku Tsangano, kumapiri, komwe madzi a mumtsuko amapweteka mano ndi kuzizira. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Ntcheu, ndipo kasukulu kanga kochepaka ndinaphunzira komweko. Ku Tete tinabwera zaka zinayi zapitazo potsata ntchito ya amuna anga, bambo a Rozita, omwe amamata matayala a magalimoto akuluakulu m'mbali mwa msewu. Ndi munthu wabwino, sanandikwezerepo dzanja. Koma kachasu wa masau anawagwira ngati minga pa chitenje. Zaka zambiri ndinagwada, mawondo mpaka kuda, kupempha kuti asiye. Kumpingo kwathu anali atawaika pambali: ankaloledwa kukhala kumbuyo, koma osayandikira mgonero.

Ndiye tsiku lina anangosiya. Sanalonjeze, sanalumbire. Anangofika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kupempha madzi osamba. Sabata inatha, mwezi unatha, ine osalankhulapo kanthu kuopa kudzutsa chomwe chagona. Mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti munthu wotere akatha chaka chathunthu osalawa, amaimirira kutsogolo, n'kuchitira umboni, akulu n'kumugwira chanza kumubwezera pakati pa anzake. Tsiku la bambo a Rozita linaikidwa pa Dumingu lina, kapena kuti Lamulungu, la mu Novembala, tsiku lomwenso tinkalandira amayi a mipingo ya ku Moatize ndi ku Angonia. Tsiku limenelo ndinkalilota ndili maso.

Miyezi iwiri lisanafike, amayi a mpingo anandisankha kukhala mtsogoleri wawo. Amene anatchula dzina langa ndi Dona Jasinta, mayi wachikulire wa Chinyungwe, mbadwa ya mu Tete mommuno, yemwe anatsogolera gululi kwa nthawi yaitali mpaka mawondo anayamba kumukana. Anaimirira ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Mwana uyu ali ndi moto. Mpatseni." Abusa pondipempherera anati mtsogoleri wozizira amaziziritsa anthu ake, ndipo ngakhale kusesa kumafuna mtima wonse. Mawu amenewo ndinawameza osatafuna.

Mawa lake ndinagula apitu, kamluzu kapulasitiki konga ka oimbira mpira. (Musandifunse chifukwa chake. Ndinkaona ngati mtima wonse uyenera kumveka patali.) Kusesa pa tchalitchi, komwe kunkachitika Loweruka lokha, ndinakusandutsa katatu pa sabata, kuyamba nkhuku zisanatsike. Mabenchi tinawakwecha mpaka utoto kuchoka. Wina akayasamula, ine apitu pakamwa. Amayi anayamba kunditchula kuti Shefi, ndiye kuti bwana. "Shefi wafika, bisani tulo!" Ine ndinkamwetulira, kumati ndi ulemu.

Tsopano tifike pa thobwa. Alendo akabwera, thobwa ndi ntchito ya amayi, ndipo kuyambira kale linkaphikidwa Loweruka masana, Dona Jasinta n'kulawa ndi kachikho kawo Dumingu m'mawa lisanapite kwa anthu. Ine ndinaona kuti kumeneko ndi kuzengereza. Kwathu ku Tsangano thobwa la ukwati timaphika masiku angapo zisanachitike, limakhala phee mumtsuko pakona, tsiku la ukwati likadali lotsekemera. Ndiye pa msonkhano ndinalengeza kuti tiphika Lachiwiri.

Dona Jasinta anakanda kukhosi.

"Mwanangu, Lachiwiri liti?"

"Likubwerali, amayi. Tikonzeke msanga, tisamathamange tsiku lomaliza ngati anthu opanda dongosolo."

"Kuno si kumapiri kwanu. Kuno dzira ukalisiya pa mwala umalipeza laphika. Thobwa la kuno siligona kawiri."

"Tilitseka bwino, amayi. Mpweya sulowa."

"Ndiye ukalitseka..."

Sindinawalole kumaliza. Ndinawomba m'manja n'kuyambitsa nyimbo, amayi n'kupolokezana nane monyinyirika. Ndikakumbukira nkhope ya mayi aja atatsala ndi mawu m'kamwa, mpaka lero mtima umandiluma. Ndi iwo ananditchula dzina, ine n'kuwatseka pakamwa ndi nyimbo ya Mulungu.

Lachiwiri tinaphika. Phala la mgaiwa miphika ikuluikulu, kuliziziritsa, kuthira chimera cha mawere chomwe mchemwali wanga ananditumizira kuchokera kumudzi. Lachitatu m'mawa tinaliwiritsanso, ndipo linali thobwa lenileni, aliyense analawa n'kuyamikira. Ndinalithira m'migolo itatu yapulasitiki, yabuluu ija, n'kumanga zivundikiro ndi mphira kuti ntchentche ingolira panja. Migoloyo tinaiika m'kanyumba kosungira makasu kuseri kwa tchalitchi, kamalata pamwamba, malata m'mbali, kopanda zenera. Ndinakhoma, kiyi n'kumumangirira pa chingwe m'khosi mwanga. Amene anakhalako ku Tete mu Novembala asiya kale kuwerenga kuti agwire kumutu.

Lachinayi ndinayamba kusala kudya, kupempherera tsiku la amuna anga. Ndinalonjeza Mulungu kuti kufikira bambo a Rozita atagwiridwa chanza, m'kamwa mwanga mulowa madzi okha. Lonjezo limenelo ndinalisunga. Pa zonse zomwe ndinachita sabata imeneyo, n'chokhacho chomwe ndinachita molondola, ndipo ndi chomwe chinandimaliza.

Lachisanu masana ndinapita kukazonda. Nditatsegula chitseko, kutentha kunandimenya kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni. Migolo inali itatupa mimba. Nditamasula mphira, chivundikiro chinadumpha chokha, thovu lili tutu, mkatimo mukumveka kaphokoso ngati mvula ikubwera patali. Fungo linali lakuthwa, lolasa m'mphuno. Ndinati, aa, layamba kusasa pang'ono. Nanga chosasa mankhwala ake si shuga? Ndinathira shuga mosaumira. Kenako ndinaganiza kuti mwina chimera chinachepa, ndinawonjezeranso chimera, n'kutakasa, n'kumanganso zolimba kuposa poyamba.

(Ndikudziwa funso lanu. Mukuti mkazi wokhala ndi chidakwa zaka zonsezo angalephere bwanji kudziwa fungo la mowa? Fungo lomwe ndinkalidziwa ine ndi la kachasu, louma, lobwera ndi thukuta la munthu. Ili linkanunkhira ngati buledi wosapsa. Komanso kwathu mayi anga sankalola mowa kufululidwa pakhomo, ndiye sindinkadziwa kuti njira yomwe ndinkatsatayo ndi yomweyo yomwe ofulula amatsata, sitepe ndi sitepe, osaphonya.)

Loweruka ndinabwereza. Shuga wina, kutakasa, kumanga. Ndikutuluka m'kanyumbamo ndinapeza Dona Jasinta atakhala pa mwala pansi pa mtengo, kachikho kawo kali pamiyendo. Anali atayenda ndi mawondo awo aja kuchokera kwawo, dera la Francisco Manyanga, dzuwa lili pamutu.

"Ndabwera kudzalawa, mwanangu."

"Musavutike amayi, zonse zili bwino. Ndaona ndekha."

"Waona. Walawa?"

"Ndikusala."

"Ndiye tsegula, lilime langa silikusala."

Ndinagwira kiyi pachifuwa. Apa ndinene zoona, poti ndi chifukwa chake ndikulemba. Sindinakane chifukwa chowamvera chisoni. Mumtima ndinkadziwa kuti mu migolomo muli china chosalongosoka, ndipo ndinkaopa kuti akalawa, amayi onse amva kuti Shefi walakwa pa ntchito yake yoyamba yaikulu. Ndinati, "Mawa mudzalawa limodzi ndi alendo." Anakulunga kachikho kawo m'kapulana, chitenje chawo, n'kunyamuka pang'onopang'ono. Sindinawaperekeze n'komwe.

Dumingu linacha ndi dzuwa laukali. Bambo a Rozita anavala malaya oyera omwe ndinasita kawiri. Umboni wawo mwana wathu Rozita anali atawalembera pa pepala, iwo n'kumalipinda, kulitambasula, kulipindanso.

Alendo anafika m'ma shapa awiri, maminibasi a kuno, atafota ndi ulendo. Mwambo ndi wakuti thobwa limamwedwa mapemphero akatha. Koma ine, ndi mtima wonse uja, ndinati alendo sangalowe m'tchalitchi kukhosi kuli gwa. Ndinali nditaitanitsa jelu, madzi oundana aja, zidutswa zikuluzikulu, n'kuponya m'migolo. Chozizira ku Tete sichifunsidwa mafunso. Ndinaliza apitu, amayi a gulu langa n'kundanda ndi makapu. Ana ndinawauza kuti adikire akulu ayambe, ndipo ndi ulemu wokhawo umene unawapulumutsa.

Anthu anamwa. Mayi wina wa ku Angonia anati, "Koma thobwa la kuno lili ndi mphamvu!" Ine, "Ndi chimera cha kwathu chimenecho, mayi, onjezerani!" Ndinkayenda ndi jagi pakati pawo ngati namwino, kapu ikangofika theka ine ndadzaza. Amayi ena a gulu langa analawa n'kuyang'anizana, koma ndani akanauza Shefi? Ndinali nditawaphunzitsa bwino kuti wolankhula amayimbitsidwa nyimbo.

Amuna anga anali atakhala okha pa benchi kunja, milomo itauma. Ndinawatengera kapu yaikulu, yachitsulo. Anamwa kamodzi, n'kuima. Anayang'ana m'kapu, n'kuyang'ana ine.

"Mayi a Rozita, mwalawa thobwali?"

"Mukudziwa kuti ndikusala. Imwani, mawu akatuluke bwino kutsogoloko."

"Mukunenetsa kuti ndimwe?"

"Kodi mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa alendo? Anthu a ku Moatize akumwa, mwamuna wanga yekha n'kumakana chophika mkazi wake?"

Anatseka maso. Ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika mpaka kapu inatha. Ine, mkazi amene ndinagwada zaka zonse zija, ndinawalanda kapuyo n'kuidzazanso ndi dzanja langali. "Inanso, bambo." Yachitatu si ine ndinawapatsa. Ndinangowaona ali pa mgolo, akudzitungira okha, nkhope itasalala mwa mtundu womwe ndinali nditauiwala.

Dona Jasinta anafika mochedwa, belu litayamba kulira. Anatunga ndi kachikho kawo, kuika pa lilime, n'kulavulira pansi pomwepo.

"Tseka mgolo, mwanangu. Uwu ndi mowa."

"Amayi, ndi thobwa, langosasa pang'..."

"Bambo anga ankafulula. Uwu ndi mowa, ndipo ndi waukali. Amuna ako ali kuti?"

Migolo iwiri inali itatha, anthu akulowa m'tchalitchi.

Za mapemphero a tsiku limenelo ndifotokoza mwachidule, chifukwa ena mwa anthuwo ndi azimayi aulemu wawo ndipo sanalakwe kanthu. Kwaya inayamba nyimbo pamwamba kwambiri moti pofika pakati onse ankangolira ngati anapiye. Nyimbo ya mavesi atatu inaimbidwa kosatha, wina akati amalize, wina waiyambanso. Mkulu wina wampingo anagona atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa. Mayi uja wa ku Angonia anavula nsapato n'kuyamba kukumbatira aliyense, akulira kuti sanaonepo chikondi chotere. Abusa okha ndi amene anali bwinobwino, poti matenda a shuga sawalola thobwa, ndipo ankayang'ana nkhosa zawo ngati munthu amene walowa m'nyumba ya eni. Ine ndinali kumbuyo, njala ya masiku atatu m'mimba, kupemphera pemphero lomwe sindinapempherepo: kuti abusa aiwale dzina la amuna anga.

Sanaiwale. Bambo a Rozita anaimirira, n'kuyenda kupita kutsogolo mosamala kwambiri, mwendo uliwonse kuuika pansi ngati dzira. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa. Pepala lija linatsala pa benchi.

"Abale," anatero, atagwira gome, "ine ndinali chidakwa. Chaka chathunthu sindinalawe. Chaka chathunthu, abale, kufikira lero m'mawa." Anapuma. "Ndipo poti pano ndi ponena zoona, ndinene. Ndamwapo wa ku Matema, ndamwapo wa ku Moatize, ndamwapo wa ku Zobwe kumalire. Koma wofulula ngati mkazi wanga, sindinamuonepo."

Kwaya inawomba m'manja. Wina anaimba nthungululu. Kenako, m'modzim'modzi, anthu anayamba kumva zomwe zanenedwa, ndipo phokoso linazima ngati nyali yothera mafuta. Mitu yonse inatembenukira kumbuyo komwe ndinali, apitu ali lende m'khosi. Amuna anga anakhala pansi, pa simenti pomwepo, malaya oyera aja, n'kuphimba nkhope ndi manja. Anayamba kulira mokweza ngati pamaliro. Rozita anatola pepala lake pa benchi n'kutuluka. Palibe anagwira chanza munthu tsiku limenelo.

Akulu ampingo anakumana Lachitatu lotsatira, omwe anamwa ndi omwe sanamwe. Anaweruza mokoma mtima, sindingawanenere zoipa. Anati kapu yoyamba si mlandu wa bambo a Rozita, yachiwiri ndi mlandu wa mkazi wawo, koma yachitatu anatunga okha, komanso mapemphero atatha anapezeka kuseri atakumbatira mgolo wotsala uja. Chaka chiyambirenso. Kwa ine abusa anangotambasula dzanja, ine n'kuvula kiyi m'khosi. Apitu sanaipemphe, koma ndinaiika pomwepo.

Zoseketsa zinathera pamenepo. Masabata atatu otsatira, amuna anga sankafika kunyumba dzuwa likadalipo. Anabwerera ku baraka kwawo kwakale komwera, anzawo n'kuwalandira ngati munthu wochokera ku Joni. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa. Rozita ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi. Kumsika ndikamadutsa, anyamata ogulitsa makala ankafuula kuti, "Shefi, Lachiwiri tibwere ndi makapu?" Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu ankathera pa denga. Umapempha bwanji Mulungu kuti akonze chinthu chomwe anakupatsa chili chabwino, iwe n'kuchiswa ndi manja ako, uku ukuimba?

Amene anabwera kudzandiona ndi Dona Jasinta yemweyo, ndi ndodo yawo, atanyamula malambe m'kathumba. Ndinagwada kuti ndipepese, iwo anandikoka khutu ngati mwana.

"Dzuka, dothi likutentha. Ine ndinati uli ndi moto, ndipo sindinaname. Ndinangoiwala kufunsa ngati uli ndi makutu."

"Amayi, ndawononga munthu."

"Wamugwetsa. Kuwononga ndi kwina. Anadzuka yekha poyamba paja, unamudzutsa ndiwe? Phika, sesa, umusiyire madzi osamba. Ndipo usamuimbire nyimbo."

Ndinachita zomwezo, mwakachetechete, koyamba m'moyo wanga. Tsiku lina madzulo, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ndinamva njinga pakhomo. Bambo a Rozita analowa, mafuta a matayala ali m'manja, maso ali oyera. Anakhala pa mpando n'kunena kuti, "Mayi a Rozita, lero ndi tsiku loyamba." Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukalira, kuti ndisawasokoneze ndi chimwemwe changa.

Pamene ndikulemba pano, miyezi khumi yakwana ndipo akulimbabe. Mulungu ndi wabwino kwa anthu opusa ngati ine, sindikudziwa chifukwa chake, ndimangothokoza. Akulu aika tsiku lina. Sindikulilota ndili maso ngati kale, ndimangolitchula m'pemphero motsitsa mawu. Thobwa adzaphika Dona Jasinta ndi mtsogoleri watsopano, Loweruka masana. Ine anandipatsa ntchito yotsuka makapu, poganiza kuti pamenepo palibe chomwe ndingawononge. (Tsikulo likadali kutali, koma ndawatsuka kale kawiri, n'kuwasanja potengera kukula kwake. Dona Jasinta atamva anangopukusa mutu.)

Kunyumba kwatsala chizolowezi chimodzi chomwe ndikuona kuti tidzafa nacho. Chilichonse chomwe ndawapatsa bambo a Rozita m'kapu, kaya ndi tiyi, kaya ndi madzi a pa mpopi omwe aona okha ndikutunga, salandira msanga. Amayang'ana m'kapumo, n'kundibwezera, nkhope ili phee, osaseka.

"Yambani ndinu, Shefi."

Ndipo ndimayamba.